Kapitawo Amene Fackson Anatisiyira

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Mabatire afanso. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane n'komwe. A Folomu 4 anali pakati polemba, inveta ya sola yathu n'kuyamba kulira ngati mwanapiye wotayika, masikirini onse khumi ndi awiri mdima bii. Mitambo yokhayokha kuyambira sabata yatha. Dzuwa la kumapiri kuno mwezi uno limabwera ngati mlendo wa ku boma: moni, kusaina m'buku, wapita.

Ana anangokhala, manja ali pa makiyibodi akufa. Palibe wodandaula. Anazolowera, ndipo kuzolowerako n'kumene kukundipweteka. Mayeso awo a kompyuta atsala miyezi yochepa.

Kenako a Gerishon, a Hedi athu, anandiitana ku ofesi n'kundionetsa meseji yochokera ku bungwe limene linatipatsa kompyutazi. Mawu aulemu, ataliatali, tanthauzo lake lalifupi. Sola yathu ikulephera, ndalama za mabatire ena palibe, choncho kompyuta zipite kusukulu ina ku Zalewa komwe kuli magetsi a waya. Lole ibwera kumapeto a mwezi uno. Wosaina: Fackson, woyang'anira zipangizo.

Fackson yemweyu tinali naye kalasi imodzi ku yunivesite. Zaka zinayi akukopera manotsi anga, mpaka ndi zolakwika zomwe. Lero iye ali mu ofesi ku Blantyre pa mpando wozungulira. Ine ndikuphunzitsa masamu ndi kompyuta cha kuno ku Dambe, matope mpaka m'kati mwa nsapato.

A Hedi akuti, "Madamu Stelia, inu munaphunzira zimenezi. Palibe kachingwe kamene mungagwire?"

Kachingwe. Digiri yanga yonse, kachingwe.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndamuimbira Fackson. Pachulu cha kuseri kwa zimbudzi, poti netiweki ya sukulu ino inasankha kukhala pamenepo.

Iye: "Stelia, si nkhani ya mtima iyi, ndi fiziki. Mabatire anu ndi aang'ono, basi." Ndinamufunsa kuti anayeza ndani. Anaseka kuseka kwa munthu amene wangodya kumene. Kenako: "Kodi ana a ku Zalewa si ana?"

Ndi ana, sindikukana. Koma mwana wa ku Zalewa akayenda pang'ono pamsewu apeza shopu yolembera makalata, akhudza kiyibodi. Athuwa zikachoka izi, kompyuta adzaionanso tsiku la mayeso, ngati n'komwe adzaloledwe kulemba. Ndinamuuza zonsezi. Yankho lake linali lakuti alowa mu mitingi.

Madzulo dzuwa linasuzumira pang'ono. Ndinalowa mu labu ndekha, n'kuyatsa zonse, n'kukhala pansi kuti ndiganize. Kuganiza kunakanika chifukwa cha phokoso. Mafani onse a m'kompyutamo akulira ngati chigayo cha dizilo, chonsecho palibe amene akulemba kanthu. Ndinaika dzanja kuseri kwa imodzi. Mpweya wotentha.

Kompyuta yongokhala ikutuluka thukuta chifukwa chiyani?

Chaka chathunthu ndakhala ndikukuwa pamwamba pa phokoso limeneli, ndikumati ndi ukalamba wa makina.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndamugwira wakubayo.

Ndilembe bwinobwino, kuti tsiku lina ndikadzakalamba ndidzawerenge n'kudzipatsa ulemu. Purosesa, kanthu kamene kamagwira ntchito yonse m'kompyuta, imatha kuthamanga kapena kuyenda pang'onopang'ono. Ikamathamanga imadya magetsi ambiri. Wolamula liwiro lake ndi kachigawo ka kenelo, mtima weniweni wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta zathuzi. Pa Chingerezi amakatcha governor. Ine ndimati kapitawo. Makapitawo alipo angapo, ndipo kenelo ikamadzuka imasankha mmodzi woyamba naye ntchito.

Ndinatsegula failo yosonyeza kapitawo amene ali pa ntchito. Liwu limodzi: performance.

Kompyuta yachiwiri, performance. Yachitatu chimodzimodzi. Zonse.

Performance ndi kapitawo wa mkwapulo. Lamulo lake ndi limodzi: thamanga mpaka pomaliza, kaya pali ntchito kaya palibe. Ngati wa kabaza amene waimika njinga pa siteji, wokwera palibe, koma wapotokola mafuta mpaka kumapeto kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kenako akudabwa kuti thanki ndi yaing'ono.

Fiziki. Eti fiziki.

Ndinamuchotsa pa mpando n'kuikapo powersave, kapitawo wosunga mphamvu. Mafani anayamba kutsika mmodzimmodzi. Nambala ya pa inveta inachoka pa mawati 900 n'kutsika kupitirira 700. Ndinaimirira pakati pa labu n'kuvina pang'ono. Panalibe wondiona, kupatula mbuzi ya a mlonda pa windo.

Sindinauze munthu. Ndidye kaye ndekha chisangalalochi.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ena alandira maluwa lero. Ine ndalandira 3 koloko masikirini akadali oyaka. Asunge maluwa awo.

Koma m'mawa, nditangoikanso powersave pa zonse, zinayamba mochititsa manyazi. Powersave ndi kapitawo waulesi wosaneneka. Amaigwira purosesa pa liwiro lotsikitsitsa ngakhale ntchito itaunjikana. Mwana adina, adikira, ayang'ana kudenga, adikiranso. Loveness, mtsikana wa pa kompyuta ya pakona, anakweza dzanja mwaulemu wonse: "Madamu, yangayi ikuganiza za kwawo."

Kalasi yonse kuseka. Ine ndemwe.

Ndiye ndinamuchotsanso ameneyo n'kuikapo ondemand. Uyu ndiye munthu. Ntchito ikabwera amathamangitsa, ikatha amati pumulani. Ana sanaone kusiyana ndi kale, kupatula kuti tsopano amandimva ndikamalankhula osakuwa.

Masamu ake ndi a Folomu 1. Tsiku la mitambo sola imatipatsa mawati ngati 500. Kale timadya 900, kutanthauza kuti 400 amachokera m'mabatire. Tsopano tikudya ngati 700, mabatire akupereka 200 yokha. Pa chakudya tachotsa pang'ono, koma mabatire tawatula theka la katundu. Zimenezi munthu wa mpando wozungulira sangazione, kwawo magetsi amatuluka m'khoma.

Ndinalemba kamzere kolamula kuti kompyuta iliyonse ikamayaka izimuika ondemand yokha. Ndinatseka labu ngati mwini wake wa dziko.

Kenako pachulu. Meseji kwa Fackson: mabatire athu akula usiku umodzi. Ndinamuuza kuti a Hedi azimutumizira chithunzi cha inveta tsiku lililonse tikamaweruka, adzionere yekha. Ndinawonjezanso mawu ena okhudza manotsi anga a ku yunivesite. Mwina sindikanawonjeza.

Ayi, ndikanawonjezabe.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Dzulo ndinali ku maliro ku Matandani, mayi a mphunzitsi mnzathu. Labu anatsegula ndi a Hedi. Isanakwane 12 zonse zinali zitazima. Ndipo a Hedi, munthu womvera malangizo, anajambula inveta yakufayo bwinobwino n'kutumiza ku Blantyre monga ndinawauzira ine mwini.

Yankho la Fackson: kachithunzi ka chala chachikulu. Popanda liwu. Akanandilalatira bola.

Lero ndalowa m'mawa, mafani akulira ngati kale. Performance wabwerera pa mpando wake, wavala ndi tayi. Kamzere kanga kulibe, ngati sindinalembepo.

Ndafufuza mpaka ndamvetsa. Fackson amaopa ana. Anakonza zoti kompyuta zonse zikamayaka zizitenga kenelo ndi china chilichonse kuchokera ku kompyuta yaikulu ya m'kabati, ndipo chimene munthu wasintha chizifufutika zikazima. Mwana awononge bwanji, mawa zidzuka zatsopano. Nzeru yabwino, ndikuvomereza ndi mano okukuta. Kungoti yandifufuta ine pamodzi ndi anawo.

Ndinayesa kuiuza kenelo pa nthawi yodzuka kuti iyambe ndi kapitawo wina. Ndi yakale kwambiri, lamulo limenelo silidziwa. Inangondidutsa ngati minibasi yodzaza.

Chabwino. Ndizimuchotsa ndi manja m'mawa uliwonse. Si ntchito yaikulu.

Malipiro sanalowebe. Sopo watsala kachidutswa koonekera kuseri.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Si ntchito yaikulu, anatero munthu wina wopusa dzulo.

M'mawa ndinaika ondemand pa zonse, n'kusiya a Folomu 4 akuyeserera, ine n'kupita kukaphunzitsa masamu ku Folomu 1. Cha m'ma 10 bingu linagunda patali, cha ku malire uko. Ndinaona pa windo a Hedi akudutsa liwiro, jekete ikuuluka. Kukathimitsa swichi yaikulu. Amatero nthawi zonse kukagunda, ndimadziwa, koma sindinaziike m'masamu anga. Bingu litapita anayatsanso, mokhulupirika. Kompyuta zinadzuka ndi kapitawo wa mkwapulo, ine ndili kalikiliki ndi ma fulakishoni mbali ina. Pomwe ndimabwerera mabatire anali akupuma wefuwefu.

Ndinalowa mu ofesi mwawo osagogoda. Ndinalankhula zambiri, zina za Chingerezi. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Madamu, ine ndinaona mphenzi ikulowa m'nyumba ya mphunzitsi kudzera pa waya wa wailesi. Kukagunda ndizimitsa. Kaya mundilembere kalata."

Choipa n'chakuti akunena zoona. Phiri lino mphenzi ndi kwawo.

Ndinapita pachulu kukadandaula kwa Fackson, kumufotokozera za kapitawo, kuti vuto si mabatire. Anamvetsera, ndimupatse zimenezo. Kenako anati, "Ndiye ukadwala? Ukapita ku maliro ena? Makina odikira kuti iwe udzuke bwino sindingawalembe mu lipoti kuti akugwira ntchito."

Nayenso akunena zoona. Anthu awiri olondola tsiku limodzi, onse otsutsana ndi ine. Dziko laipa.

Ndiye njira yatsala imodzi. Kusintha kapitawo amene kenelo imabadwa naye. Kuumba kenelo yatsopano, yoti ikadzuka, kaya yadzutsidwa ndi ine kaya ndi a Hedi kaya ndi mbuzi, iziyamba ndi ondemand. Zina zonse za m'kompyuta yaikulu anazitsekera ndi pasiwedi yake, koma failo ya kenelo ili poyera pomwe ine ndimafika. Mwina ankaganiza kuti kumapiri kuno palibe angaizindikire.

Nditamuuza, mawu anasintha. "Usakhudze kenelo yanga. Ikakana kudzuka zonse khumi ndi ziwiri zafa, ndipo lipoti lake ndilemba ndine, dzina lako pamwamba."

Ndinabwerera kwa a Hedi, ulendo uno ndinagogoda. Ndinawauza zonse, ndi zoopsa zake zomwe. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali.

"Zikupita kale, eti? Ndiye mukaziswa, olira ndi a ku Zalewa."

Bambo amenewa ndimawapeputsa nthawi zina.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ku boma pa kabaza. Msewu ngati phala la mgaiwa. Malo awiri ndinatsika n'kuyenda pansi, laputopu ili m'jumbo ziwiri pachifuwa ngati khanda. Mtengo wa kabaza wakweranso, akuti chifukwa cha matope, ngati matopewo ndinabweretsa ndine.

Ndinakakhala mu saluni ya msuweni wanga, Mai Laimoni, poti muli magetsi ndi netiweki yeniyeni. Bandulo yanga ya mwezi wonse yathera kukoka zolemba za kenelo. Mwezi uno abale andiiwale.

Makonzedwe a kenelo ya Fackson, mndandanda wa mafunso ndi mayankho ake, ndinali nditawakopera pa fulashi. Ndinawatsegula, n'kupita pa funso la kapitawo woyamba. Ndinaliwerenga kawiri.

Funsolo limabwera ndi yankho loikiratu. Ukapanda kusankha, ukangodina Enter n'kupitirira, umapatsidwa performance. Ndiye kuti Fackson sanasankhe kanthu. Sanakhale pansi n'kuganiza kuti ana a ku Neno akufunika liwiro. Anangodutsa. Yankholo analiika ndi munthu wina kutali, zaka zapitazo, m'dziko limene magetsi satha, ndipo kwa iye linali yankho labwino. Munthuyo sadziwa kuti kuli Dambe. Koma ndi amene wakhala akutseka kalasi yanga masana aliwonse a mitambo.

Ndinafuna kukwiyira winawake, wosowa. Ndinakwiyirabe Fackson, ali pafupi.

Kusintha kwake: kutsika mizere iwiri, kudina kamodzi. Basi. Matope onsewa, bandulo yonseyi, chifukwa cha kudina kamodzi. Pa dzina la kenelo ndinawonjezapo "-dambe" kumapeto, kuti aliyense wofunsa adziwe kwawo.

Kenako kuwotcha uvuni. Kuumba kenelo kumatenga maola pa laputopu yokalamba ngati yangayi, malemba akungoyenderera pa sikirini osaima. Mayi wina ali mu dulaya anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa msuweni wanga, osati ine: "Mwanayu akuwerenga zonsezo?" Ndinayankha ndekha kuti eya, mayi, ndipo ndikuloweza. Anapukusa mutu mondimvera chisoni. Akuti n'chifukwa chake sitikwatiwa.

Pakati pa ntchito Mai Laimoni anazula chaja yanga kuti alumikize chowongolera tsitsi. "Ka TV kakoka kakungolemba zopanda mutu, kasitomala akudikira." Ndinazindikira batire la laputopu litafiira. Tinakangana monga tinkachitira tili ana, kenako anandigulira chipisi.

Inapsa dzuwa lisanalowe. Kafailo kamodzi, kochepa kuposa vidiyo ya ukwati. Ndakaika pa mafulashi awiri, ina m'chikwama, ina m'thumba la siketi.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimangoganiza za khadi la netiweki, kachipangizo kolumikiza kompyuta ndi inzake, ngati kenelo yanga ilizindikire. Ikapanda kulizindikira, kompyuta sizipeza njira yopita ku yaikulu ija, ndipo mawa ana apeza mabokosi.

Titaweruka ndinatenga kiyi. Kenelo ya Fackson sindinaifufute, ndinangoisintha dzina n'kuiika pambali. Ndine wolusa koma si wamisala. Yanga ndinaiika pamalo pake.

Kompyuta yoyamba. Kudina. Sikirini yakuda. Yakudabe. Ndinaona lipoti lija, dzina langa pamwamba, a Hedi akuitanidwa, bambo anga akumva kuti mwana amene anamugulitsira ng'ombe kuti aphunzire waswa katundu wa bungwe.

Kenako malemba anayamba kutsika.

Inadzuka. Ndinafunsa kapitawo. Ondemand.

Ndinayatsa zotsalazo imodziimodzi, ndikuyenda pakati pa madesiki ngati insipekitala. Zonse ondemand, popanda ine kulamula kanthu. M'chipinda munali bata loti ndimamva madontho a mvula akuyamba pa malata.

Ndinakatenga a Hedi kunyumba kwawo, akadali ndi suti ya ku tchalitchi. Ndinawapempha kuti athimitse swichi yaikulu. Anakana. "Kulibe bingu, Madamu." Ndinati ayerekeze. Anayang'ana kumwamba kaye, ngati akupepesa, n'kuthimitsa. Kudikira. Kuyatsa.

Ondemand, zonse.

Anafunsa ngati tsopano ali ndi ufulu wozimitsa mmene angafunire. Ndinati zimitsani mpaka dzanja litope.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Lolemba mitambo, tinafika. Dzulo mvula tsiku lonse, tinafika, movutikira koma tinafika. Lero a Hedi azimitsa kawiri. Tafikabe.

Zithunzi zikupita ku Blantyre tsiku lililonse, popanda mawu. Ndaphunzira kwa mwini wake.

Lero wayankha: "Mwagula mabatire?"

Ndamutumizira chala chachikulu.

Malipiro alowa. Sopo, shuga, ndi nsapato za pulasitiki.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Lole inabwera. Inatitimira pa chitunda chomaliza, ndipo anthu amene anapita kukaikankha anali makolo a ana athu, odziwa bwino chimene yadzera. Sindinaonepo amuna ambiri chonchija akukankha galimoto mofatsa chotero. Wina amati kumanzere, wina kumanja, wina kaye tipume. Inafika pasukulu cha m'ma 11.

Fackson anatsika ndi nsapato zoyera. Zinali zoyera, ndikutanthauza. Wanenepa. Anandipatsa moni wa "Madamu", ine ndinamubwezera wa "a Injiniya", a Hedi ali pakati ngati ankhoswe.

Anabwera ndi makatoni opindapinda ndi tepi. Ndinamupempha chinthu chimodzi: akhale kumbuyo kwa kalasi mpaka a Folomu 4 aweruke. Zikazima nthawi isanakwane, ndimuthandiza kulongedza ndi manja angawa. Kumwamba kunali kotuwa ngati bulangete la ku chipatala. Anayang'ana mitamboyo n'kuvomera msanga, poganiza kuti ili mbali yake.

Anakhala pafupi ndi inveta, maso pa nambala. Ana analemba ngati sanalembepo, misana chilili, palibe woyang'ana kumbuyo, koma aliyense akudziwa amene wakhala kumeneko. Patapita kanthawi ndinamuona akupendeketsa mutu. Amafunafuna phokoso la mafani.

Itangopitirira 1 koloko, bingu. Sindinapangane nalo, ndikulumbira. A Hedi anatulukira pakhomo, anauza ana kuti asunge ntchito zawo, anandiyang'ana ine, anayang'ana mlendo, n'kuthimitsa ndi ulemu wonse wa udindo wawo. Fackson anamwetulira. Amadziwa chimene chimachitika zikayakanso.

Zinayaka. Nambala inakwera pang'ono, n'kubwerera pansi, n'kukhazikika pomwe inali.

Anadzuka, anapempha Loveness kuti asunthe, n'kufunsa kompyutayo dzina la kenelo yake. Ndinali kumbuyo kwake. Ndinaona khosi lake likuuma atafika pa "-dambe".

"Ndinati usakhudze."

Ndinati ndinamva.

Belu loweruka linalira masikirini onse ali oyaka, mabatire asanafike ndi theka lomwe. Ana sanadzuke. Anangotembenuka onse kumuyang'ana. Ine sindikanapirira maso amenewo, iyenso sanapirire. Anafunsa komwe kuli netiweki.

Ndinamuperekeza pachulu ndekha. Munthu wa ku Blantyre, nsapato zofiira ndi dothi, ataima kuseri kwa zimbudzi zathu, akufotokozera abwana ake kuti "tapeza njira". Tapeza. Ndinamulola, poti ndimamva bwino mawu otsatira: kompyuta zikhala. A ku Zalewa adikira zina zimene zikubwera pakati pa chaka.

Potsika ndinamufunsa chifukwa chimene anasankhira performance, ngati kuti sindikudziwa. Anakanda m'mutu. "Mafunso analipo masauzande, Stelia. Umafuna ndiwerenge onse?" Kenako, motsitsa mawu, anati masukulu ena anayi a sola ali ndi kenelo yomweyo, ndipo awiri anali pa mndandanda wolandidwa. Ngati ndingamugawireko fulashi.

Ndinati sindinamve bwino, mphepo.

"Chonde."

Ndinamupatsa ya m'thumba la siketi. Akopere. Ndi luso lake lakale.

Lole inatsika ndi makatoni opanda kanthu, matumba a mbatatesi a makolo aja, ndi amayi awiri opita ku Zalewa amene sanalipire. Potuluka m'matope ulendo uno inakankhidwa kamodzi kokha.

Onse atapita ndinabwerera mu labu kukazimitsa. Ndinakhala pa mpando wa ana, waufupi. Ndinafuna kuimbira bambo, koma ndiwauza kuti chiyani? Kuti ndasintha liwu limodzi? Ndinalira pang'ono, zopanda chifukwa, kenako ndinatseka mawindo.

Lolemba, 3 Malichi

Holide. Ndinakonza zochapa, kumasula tsitsi, ndi kugona masana ngati munthu wolemera.

Dzulo potuluka m'tchalitchi a Hedi anandipatsa pepala, akumwetulira ngati akundipatsa mphatso. Ndondomeko yatsopano. Popeza magetsi tsopano akufika madzulo, a Folomu 3 azilowa a Folomu 4 akatuluka. A Folomu 2 kawiri pa sabata. Loweruka aphunzitsi a ku pulayimale, amene akuti akhala akufunsa. Pansi pa bokosi lililonse dzina limodzi, langa. Akuti, "Mwatipatsa maola, Madamu, ndiye tisawataye."

Kale mabatire akafa inenso ndimaweruka. Palibe anandichenjeza kuti kapitawo wa mkwapulo ndikamuchotsa m'kompyuta asamukira kwa ine. Ndikanadziwa ndikanasiya powersave, tonse tiziganiza za kwathu.

Ndiwayankha mawa, molemba, ndi mfundo zake. Munthu ali ndi ufulu wopuma. Lero ndi tsiku la boma, labu ndi yotseka, ndipo palibe amene...

Akugogoda. Ndasuzumira pa katani. A Folomu 4, asanu ndi mmodzi kapena kuposa, opanda yunifolomu, ena achokera kutsidya kwa mtsinje, miyendo yonyowa mpaka m'mawondo. Loveness ali patsogolo, akuloza kumwamba. Kunja kuli dzuwa loti mbee, loyamba mwezi wathunthu.

Zovala zanyowa kale m'beseni. Kiyi wa labu ndinaika kuti?